Mwasintha pampu ya madzi koma injini ikutenthabe: kathiridwe koyenera ka coolant

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004 ya injini ya 1NZ-FE, ndipo ndimakhala ku Blantyre. Pampu ya madzi inayamba kudontha, choncho ine ndi mnzanga tinaisintha pamodzi ndi thermostat komanso paipi ya pamwamba. Titamaliza tinathira madzi a pampopi mpaka rediyeta inadzaza, n'kutseka. Tsopano ndikamakwera mtunda wa ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, muvi wa geji umakwera kenako n'kutsika wokha, hita ikutulutsa mphepo yozizira, ndipo kuseri kwa dashibodi kumamveka phokoso la madzi. Kodi pampu imene ndinagulayi ndi yabodza? Anzanga akuti ndingochotsa thermostat. Komanso, kodi coolant ndi wofunikadi kuno kumene madzi saundana ndi chisanu?

Yankho: Bambo, zizindikiro zitatu zimene mwafotokozazi zikuloza vuto limodzi, ndipo ine sindikuyamba ndi kukayikira pampu yanu ayi. M'njira za madzi za injini yanu mwatsalira mpweya. Ntchito yomasula ndi kumanga zitsulo munaigwira, koma ntchito yachiwiri, yothira madzi mwadongosolo ndi kubulida kuti mpweya utuluke, sinachitike. Ndikupemphani kuti galimotoyo musakwere nayonso mtunda umenewo kufikira mutachita zimene ndifotokoze pano, chifukwa injini ya 1NZ-FE ndi ya aluminiyamu, ndipo silinda hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa mopitirira muyeso imapindika, gasiketi n'kupsa, ndiye ndalama zokonzetsera zimenezo zimaposa kutali zimene munagulira pampu.

Pamene munakhuthula madzi akale, malo onse amene munali madzi munalowa mpweya: m'buloko, m'silinda hedi, m'mapaipi, ndiponso m'karediyeta kakang'ono ka hita kamene kali kuseri kwa dashibodi. Mukayamba kuthira madzi atsopano, mpweyawo uyenera kupeza potulukira, koma injini ikakhala yozizira thermostat, kachitseko kamene kamatsegula njira ya madzi pakati pa rediyeta ndi injini injiniyo ikatentha, imakhala yotseka, ndipo pa injini yanu ili pamene paipi ya pansi ya rediyeta imalumikizana ndi injini. Choncho rediyeta imadzaza msanga mpaka pakhosi, munthu n'kuganiza kuti wamaliza, chonsecho m'kati mwa injini mukuperewera lita yathunthu kapena kuposerapo. Mpweya wotsalawo umakwera n'kukakhala m'malo okwera, makamaka pamwamba pa silinda hedi ndi m'hita. Mpweya sunyamula kutentha monga achitira madzi, motero chitsulo chimene chakhudzana ndi mpweya chimatentha kwambiri, madzi oyandikana nacho n'kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kukankhira madzi ena kukabotolo ka pambali. Pampu nayonso inapangidwa kuti izikankha madzi. Ikakumana ndi mpweya imangozungulira popanda chimene ikuyendetsa.

Muvi wanu ukuvina chifukwa sensa yoyeza kutentha nthawi zina ikumira m'madzi otentha kwambiri, ndipo nthawi zina ikutsala pa mpweya. Apa pali choopsa chimene madalaivala ambiri sachidziwa. Muvi ukakwera kenako n'kugwa mwadzidzidzi, sizitanthauza nthawi zonse kuti injini yazizira, chifukwa mwina madzi achoka pa sensa ndipo geji ikukunamizani pa nthawi imene injini ikupsa. Pa magalimoto ambiri a masiku ano kompyuta ya injini imayatsa fani potengera uthenga wa sensa yomweyo, ndiye sensa ikanamizidwa, fani nayonso imachedwa kuyaka. Hita yozizira ndi phokoso la kuseri kwa dashibodi ndi umboni woti karediyeta ka hita kali ndi mpweya m'malo mwa madzi.

Musanathire kanthu, bwererani pa thermostat imene munaikayo. Mukaiyang'ana bwino muona kuti m'mphepete mwake muli kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Kabowo kameneka ndi kotulutsira mpweya pamene thermostat ili yotseka, ndipo kayenera kukhala kumwamba, molunjika pamene pamakhala 12 pa wotchi. Kakaikidwa cham'mbali kapena pansi, mpweya umatsekeredwa kuseri kwa thermostat ndipo kubulida kumavuta kwambiri. Onetsetsaninso kuti mbali ya sipuling'i yaloza m'kati mwa injini, popeza mbali imeneyo ndi imene imamva kutentha kwa madzi. Ngati simukukumbukira mmene munaiikira, masulani muone. Ndi manati awiri okha, ndipo madzi a pampopi amene ali m'menemo ayenera kutuluka ndithu. Pa nthawi yomweyo yenderani makilampu onse a mapaipi, muone ngati lamba woyendetsa pampu wamangika bwino, ndipo muyang'anitsitse mphira wa chivundikiro cha rediyeta ngati sunang'ambike kapena kuuma.

Tsopano pa funso lanu la coolant. Ndi zoona kuti kuno madzi saundana m'injini, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amaona ngati kugula coolant ndi kutaya ndalama. Koma kuteteza ku chisanu ndi ntchito imodzi chabe mwa ntchito zake, ndipo kwa ife ndi yaing'ono kuposa zonse. M'njira za madzi muli zitsulo zosiyanasiyana, aluminiyamu ndi chitsulo wamba, ndipo zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi otentha opanda mankhwala zimadyeka. Coolant ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi kudyeka kumeneko, komanso amasamala silu ya pampu, imene ili kachinthu kamene kanayamba kudontha pa pampu yanu yakale. Ndakhala ndikuona mapampu ochotsedwa m'magalimoto oyendera madzi okhaokha, mapiko ake atadyeka mpaka kutsala tizidutswa topyapyala tofiirira, moti pampu ikuzungulira bwinobwino koma palibe madzi amene ikukankha.

Chachiwiri ndi kuwira. Madzi okha amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma malo akamakwera amawira msanga. Blantyre ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Injini yanu ikamagwira ntchito bwinobwino madzi ake amakhala pakati pa madigiri 85 ndi 95, ndiye mukuona nokha kuti, popanda mphamvu ya chivundikiro cha rediyeta, mpata wotsala ndi wochepa. Coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amawira pafupifupi pa madigiri 107, ndipo chivundikiro cha rediyeta chikagwira mphamvu yake ya 0.9 kapena 1.1 bar, mlingo umenewu umafika cha pa madigiri 125 kapena kuposerapo. Msewu wochokera ku Chikwawa umakwera pafupifupi mamita 1,000 pa mtunda waufupi, galimoto ili m'giya yotsika, mphepo yolowa m'rediyeta ili yochepa, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mphepo ya kuchigwa cha Shire imakhala yotentha kale. Pamenepo ndi pamene madigiri owonjezerawa amapulumutsa injini.

Madzi osakanizira nawonso ndi nkhani. Aliyense amene amawiritsa madzi a pamjigo m'ketulo amadziwa zoyera zolimba zimene zimamatirira pansi pake pakapita miyezi, ndipo zomwezo n'zimene zimamatirira m'timachubu ta rediyeta, tomwe ndi topapatiza kwambiri moti sitichedwa kutsekeka. M'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi pa nthaka ali ndi mchere, ndipo amenewo ndi oipa kwambiri pa aluminiyamu. Gulani madzi osungunula (distilled water) amene amagulitsidwa kuti azithiridwa m'batire, koma muwerenge chizindikiro cha pa botolo kuti mutsimikize kuti ndi madzi okhaokha, osati asidi wa batire. Akasowa, madzi a mvula otungidwa m'chiwiya choyera n'kusefedwa ndi abwinoko kuposa a pamjigo. Madzi a pampopi ndi othandiza pa ngozi ya pamsewu, koma asakhalitse m'injini.

Posankha coolant musadalire mtundu wake wokha, chifukwa kufiira, kubiriwira kapena mtundu wa buluu ndi utoto chabe umene kampani iliyonse imasankha. Toyota ili ndi mitundu iwiri yodziwika bwino. Toyota Long Life Coolant, wofiira uja, amabwera wosasungunula ndipo amafuna kusakaniza ndi madzi, pamene Toyota Super Long Life Coolant, wa pinki, amabwera wosakaniza kale ndipo sawonjezeredwa madzi. Ngati mukugula wa kampani ina, werengani kuseri kwa botolo: akhale wa ethylene glycol, wopangidwira injini za aluminiyamu, wopanda silicate, amine, nitrite ndi borate, pakuti izi ndi zimene Toyota imalamula pa injini zake za nthawi imeneyo. Chenjerani ndi mabotolo otchipa kwambiri amene sanena n'komwe kuchuluka kwa ethylene glycol amene ali m'kati, chifukwa ena mwa iwo ndi madzi a utoto okhala ndi mankhwala ochepa zedi. Musasakanize mitundu yosadziwika, popeza mankhwala ena akakumana amafooketsana ndipo nthawi zina amapanga matope otseka hita. Ndipo musaganize kuti kuthira coolant wosasungunula yekhayekha ndi kuikonda injini. Madzi ndiwo amanyamula kutentha bwino kuposa ethylene glycol, choncho theka ndi theka ndi mlingo wabwino, osachepera magawo 30 pa 100 ndiponso osapitirira magawo 60 pa 100.

Pali kasamu kakang'ono kamene anthu ambiri amakaphonya. Mukakhuthula potsegula pansi pa rediyeta pokha, madzi ambiri amatsalira m'buloko ndi m'hita. Injini yanu, pamodzi ndi rediyeta ndi hita, imalowa pafupifupi malita 6, koma mutha kupeza kuti amene atuluka ndi malita 4 okha. Mukathira coolant wosakaniza kale pamwamba pa madzi otsalawo, mphamvu yake imatsika. Njira yabwino ngati mwagula wosasungunula ndi yotere: tsukani kaye ndi madzi oyera mpaka amene akutuluka asiye kuoneka adzimbiri, kutsuka komaliza kukhale kwa madzi osungunula, kenako thirani malita 3 a coolant wosasungunula poyamba, n'kumalizira ndi madzi osungunula mpaka kudzaza. Mukatero mukudziwa kuti theka la zonse zili m'injini ndi coolant, kaya munatsalira madzi ochuluka bwanji. Ngati mwagula wosakaniza kale, tsegulaninso kotulutsira madzi ka pa buloko kuti madzi akale atuluke ochuluka momwe zingathekere.

Tifike pa kathiridwe kake. Injini ikhale yozizira kwenikweni, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa galimoto isanalizidwe. Iimikeni pamalo pamene kutsogolo kwakwera pang'ono kuposa kumbuyo, kuti khosi la rediyeta likhale pamwamba pa china chilichonse, mukoke handibuleki ndi kuika miyala kumatayala. Tsekani potulutsira madzi ponse. Chida chimene chimathandiza koposa ndi fanelo yokhala yothina pakhosi la rediyeta. Zilipo zogulitsa zopangidwira ntchito imeneyi, koma mutha kupanga yanu podula pansi pa botolo la pulasitiki la malita 2, n'kukulunga kukamwa kwake ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka kulowe mothina pakhosipo osadontha. Chitani zimenezi mofatsa, pakuti pamwamba pa rediyeta ya galimoto yanu ndi pa pulasitiki, ndipo pulasitiki wa zaka zambiri sachedwa kusweka. Ubwino wa faneloyi ndi wakuti madzi amaima pamwamba pa khosi, mpweya umatuluka inu mukuuona, ndipo madzi akatsika injini imakoka coolant osati mpweya wina.

Thirani pang'onopang'ono, kamtsinje kochepa ngati chala, ndipo muziwerenga malita amene alowa. Kuthira mothamanga ndiko kumatsekera mpweya m'kati. Madzi akaima m'fanelo, finyani paipi ya pamwamba ndi dzanja kangapo, kenako ya pansi, ndipo muona thovu likutumphuka m'fanelomo madzi n'kutsika. Onjezerani, finyaninso, dikirani mphindi zingapo, mpaka kufinya kusiye kutulutsa thovu. Apa yerekezerani malita amene mwathira ndi amene munakhuthula. Ngati munatulutsa malita 5 koma alowa 3 ndi theka okha, musadzinamize kuti mwadzaza, chifukwa kusiyanako ndi mpweya umene udakali m'kati. Dzazaninso kabotolo ka pambali mpaka pa mzere wolembedwa FULL, osapitirira.

Tsopano lizani injini fanelo ili pomwepo ndi coolant wofika cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu ake, kuti pakhale malo pamene madzi ayamba kufufuma. Zimitsani AC, chifukwa ikayaka imayatsa fani nthawi yomweyo ndipo simudziwa ngati fani yayaka chifukwa cha kutentha kwa injini. Ikani hita potentha kwambiri koma mphepo yake ikhale yochepa. Pa magalimoto ena kuchita zimenezi kumatsegula valavu yolowetsa madzi m'hita, ndipo pa ena madzi amayenda m'hita nthawi zonse, komabe mphepo yotuluka m'menemo ndi imene ikuuzeni ngati mpweya wachoka. Siyani injini ilire payokha. Mphindi zoyambirira muona timathovu tikubwera apo ndi apo, ndipo madzi ayamba kukwera pang'ono m'fanelo. Muzikhudza paipi ya pansi mosamala. Pa injini yanu paipi imeneyi imakhala yozizira kwa nthawi yaitali, mwina mphindi 15 kapena 20, kufikira madzi atafika cha pa madigiri 82 pamene thermostat imayamba kutseguka. Ikatseguka, paipiyo imatentha mofulumira, m'fanelo mumabwera thovu lalikulu, madzi n'kutsika mwadzidzidzi. Khalani ndi botolo la coolant m'manja kuti muwonjezere nthawi yomweyo fanelo isanaume.

Zikatero, mnzanu uja akhale pa chiwongolero, aziponda moto mpaka 2,000 kapena 2,500 pa geji ya kuzungulira kwa injini kwa theka la mphindi, n'kusiya, n'kubwerezanso kangapo, maso ake ali pa muvi wa kutentha. Kuthamanga kwa pampu kumakokolola mpweya wobisala m'hita ndi m'makona a silinda hedi. Inu amene muli kutsogolo samalani kwambiri, chifukwa fani ya galimotoyi ndi ya magetsi ndipo imayaka yokha mosachenjeza. Manja, nsanza ndi mikono ya malaya zikhale kutali ndi fani komanso lamba. Pitirizani mpaka fani iyake n'kuzima yokha kawiri, thovu lisiye kubwera, ndipo hita itulutse mphepo yotentha ngakhale injini ikulira payokha osapondedwa moto. Ngati hita ikutentha pokhapokha mukaponda moto n'kuzizira mukasiya, mpweya udakalipo. Ngati pa nthawi ina iliyonse muvi wapitirira pakati n'kumalowera kofiira, zimitsani injini, idikireni izizire, muyambirenso.

Mukazimitsa injini musachotse fanelo. Pa mphindi zoyamba madzi amatha kukwera chifukwa cha kutentha kotsalira m'zitsulo, ndipo pambuyo pake, injini ikamazizira, amatsika n'kulowa m'kati. Imeneyi ndi mbali ya ntchito imene siingafulumizidwe, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha chifukwa chofuna kunyamuka. Dikirani mpaka muthe kugwira rediyeta ndi dzanja osapsa, chotsani fanelo, onetsetsani kuti coolant wafika pakhosi, tsekani chivundikiro mpaka chigwire kotheratu, ndipo konzaninso mlingo wa m'kabotolo. Ngati mulibe fanelo yothina, lizani injini chivundikiro chili chotsegula kufikira madzi atayamba kukwera pakhosi, kenako tsekani, itenthetseni mpaka fani iyake, izimitseni, idikireni izizire kotheratu, mutsegule n'kuwonjezera. Njira imeneyi imagwira ntchito, kungoti imafuna kubwerezedwa kawiri kapena katatu.

Kwa masiku atatu otsatira, m'mawa uliwonse injini isanalizidwe, tsegulani chivundikiro cha rediyeta muone ngati coolant ali pakhosi, ndipo muyang'anenso kabotolo, pamene ndi bwino kuikapo chizindikiro ndi cholembera. Musadalire kabotolo kokha, chifukwa kamatha kukhala kodzaza rediyeta ili yoperewera. Chivundikiro cha rediyeta chili ndi mavalavu awiri: imodzi imalola madzi kupita kukabotolo akafufuma, ndipo inayo imawalola kubwerera injini ikamazizira. Valavu yachiwiriyi ikamatirira, kapena kapaipi kopita kukabotolo kakang'ambika, madzi amapita osabwerera, ndipo chizindikiro chake ndi paipi ya pamwamba yophwafuka m'mawa kapena kabotolo komangodzaza tsiku ndi tsiku. Chivundikiro ndi chotchipa, ndipo ine ndimalangiza kuchisintha nthawi iliyonse imene pampu yasinthidwa, bola nambala yolembedwa pamwamba pake ifanane ndi ya chakale. Kutsika pang'ono kwa mlingo pa tsiku loyamba ndi lachiwiri si kodetsa nkhawa, chifukwa ndi mpweya womaliza umene ukutuluka. Koma ngati mukuwonjezerabe pakatha sabata, penapake pakudontha. Yalani katoni pansi pa injini usiku, yang'anani m'mphepete mwa makilampu ndi pansi pa pampu ngati pali zouma zofiirira kapena zoyera, ndipo mugwire kapeti ya pansi pa dashibodi muone ngati si yonyowa.

Ndiyenera kunenanso za chinthu chimene sindikukufunirani, koma n'chotheka popeza galimotoyo yatenthapo kale pamtunda. Ngati pobulida thovu silikutha, likungobwera motsatizana ngakhale patapita theka la ola, ndipo likuchuluka mukaponda moto, umenewo si mpweya wotsalira ayi, koma utsi wochokera m'masilinda umene ukudutsa pa gasiketi yopsa. Zizindikiro zina ndi paipi ya pamwamba yolimba gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri injini italizidwa ili yozizira, utsi woyera wonunkhira motsekemera ku ekizozi umene sukutha injini itatentha, injini kunjenjemera m'mawa, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Magalaja okhala ndi zida ali ndi mankhwala a buluu amene amaikidwa pakhosi la rediyeta, ndipo amasanduka achikasu ngati m'madzi muli utsi wa injini. Alinso ndi kapampu kopopera rediyeta kuti aone ngati ikusunga mphamvu. Kuyeza kumeneku n'kotchipa poyerekeza ndi kumasula silinda hedi mongoganizira. Ndipo chonde musathire dzira, ufa wa curry kapena sopo m'rediyeta pofuna kutseka podontha, chifukwa zimenezi zimakatseka timachubu ta rediyeta ndi hita, podontha paja n'kutsegukanso pakapita masiku.

Za kuchotsa thermostat, yankho langa ndi lakuti ayi. Ndikudziwa kuti chizolowezi chimenechi chafala kwambiri, ndipo ena amachita galimoto ikangofika kumene kuchokera ku Japan poganiza kuti thermostat ndi ya mayiko ozizira okha. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito ili yotentha pa mlingo wake. Ikamayenda yozizira, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wochuluka monga imachitira m'mawa, ndiye galimoto imamwa mafuta, mapulagi amada, oyilo amawonongeka msanga, ndipo masilinda amaperepeseka. Pa injini zambiri thermostat ilinso ndi ntchito ina: ikatseguka imatseka kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'injini momwemo osapita ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjira kameneka kamakhala kotseguka nthawi zonse, madzi ena otentha samafika ku rediyeta, ndipo galimoto imatha kutentha kwambiri pamtunda kuposa kale. Ngati mukuikayikira thermostat yatsopanoyo, iikeni m'poto wa madzi pamoto: iyenera kutseguka madzi asanawire n'kutsekekanso akazizira. Ikalephera, gulani ina yabwino ya madigiri omwewo.

Pali zinthu ziwiri zokhudza moyo zimene sindingazisiye. Musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, ngakhale ndi nsanza, chifukwa madzi amene ali m'kati ali pamwamba pa mlingo wowira ndipo mukangotsegula amaphulika kumaso ndi m'manja. Galimoto ikatentha pamsewu, zimitsani AC, ikani hita potentha ndi mphepo yonse, imani pabwino, ndipo ngati pakutuluka nthunzi zimitsani injini, mudikire osachepera theka la ola. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha kwambiri, pakuti silinda hedi imatha kung'aluka. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20 n'kupita naye kuchipatala, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Chachiwiri, ethylene glycol ndi poizoni woopsa amene amawononga impso, ndipo kuipa kwake n'kwakuti ndi wotsekemera, moti ana, agalu ndi amphaka amakopeka naye. Musamusunge m'botolo la chakumwa, musasiye beseni la coolant wakale poyera, ndipo musamutaye pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande. Muikeni m'chigubu chotseka cholembedwa bwino, ndipo wotayikira pansi mumufufute ndi mchenga kapena utuchi. Mwana akamwa ngakhale pang'ono, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro, ndipo mutenge botolo lake.

Kwa owerenga ena amene magalimoto awo ndi osiyana ndi Corolla imeneyi, mfundo ndi yomweyo koma kachitidwe kamasiyana. Magalimoto ambiri a ku Ulaya, monga Volkswagen, alibe chivundikiro pa rediyeta. Coolant amathiridwa m'botolo la pambali, ndipo botolo limenelo ndi limene limagwira mphamvu, choncho nalonso silitsegulidwa injini ili yotentha. Injini zina za Nissan, Honda ndi BMW zili ndi kaboliti kobulidira pamalo okwera, kamene kamatsegulidwa pothira mpaka coolant atuluke wopanda thovu. Maminibasi okhala ndi hita ya kumbuyo ali ndi mapaipi ataliatali amene amasunga mpweya wambiri, ndipo magalimoto a hybrid monga Toyota Prius ndi Aqua ali ndi njira ina yapadera yoziziritsira inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, komanso injini yake imazima yokha ngati sinaikidwe m'dongosolo lokonzera. Pa magalimoto oterewa ndi bwino kupita kugalaja yokhala ndi chida choyamwa mpweya wonse kaye kenako n'kukoka coolant kulowa m'malo mwake.

Mukatsimikiza kuti mlingo wakhazikika, yesani galimotoyo m'tauni kaye, kenako pa zitunda zazifupi, musanaiyese ku Thabwa, ndipo paulendo woyambawo nyamulani malita awiri a coolant wosakaniza. Ngati mpweya watuluka, hita ikutentha, fani ikuyaka, gasiketi yayezedwa n'kupezeka yabwino, koma muvi ukukwerabe pa mtunda wautali wokha, ndiye kayikirani rediyeta yeniyeniyo. Zimitsani injini ili yotentha, chotsani kiyi, ndipo muyendetse dzanja mosamala pafupi ndi nkhope ya rediyeta mbali zonse. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timachubu totsekeka ndi dzimbiri komanso zoyera za madzi a pampopi a zaka zapitazo. Yang'ananinso pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC, pamene pamadzaza matope, udzu ndi tizilombo, ndipo mutsukepo ndi madzi opanda mphamvu yambiri kuti timapiko tisapindike. Rediyeta yotsekeka m'kati kwambiri siyera ndi kutsuka kwa pabwalo, ndipo pa galimoto ya zaka zoposa 20 ngati yanuyi, kugula ina ndi kwanzeru kuposa kuimatamata.